Singano ya kutentha ikayamba kuvina, musathamangire kuchotsa thermostat

Lero tisiye kaye za mitengo ya kontena ndi msonkho wa pa boda. Tikambe za kasingano kaja kali kuseri kwa chiwongolero cha mapikapu athu akalewa, kamene kamakhala pakati pa C ndi H. Nyengo yotentha ikangofika, funso limakhala lomwelomwelo chaka ndi chaka: singano yanga ikukwera n'kutsika, nditani? Mayankho akenso amakhala awiri. Ena amati isiyeni, galimoto zakale ndi mmene zimachitira. Ena amati pitani ku Sanaiya akakuchotsereni thermostat, kuno kotentha ilibe ntchito.

Maganizo anga ndi akuti mayankho awiri onsewa amadya mpamba wa munthu. Singano yovina ili ngati mboni pa bwalo la amfumu, imafunika kuifunsa bwinobwino. Mwina ikunama, vuto lili pa kawaya ka ndalama zochepa. Mwina ikunena zoona, injini yatsala pang'ono kupsa. Wamalonda wanzeru amayamba wadziwa kaye kuti mwa ziwirizi choona n'chiti, kenako n'kumafufuza kuyambira chotchipa kupita ku chodula, asanatulutse riyal olo imodzi yogulira sipeya. Zambiri mwa zofufuzazi mutha kuzichita nokha Lachisanu m'mawa, tsiku limene ambirife timapuma.

Chitunda cha kuno ndi dzuwa

Kumudzi galimoto yofooka imaululika pa chitunda. Amene munakwerapo Thabwa kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, kapena Chiweta pa msewu wa M1, kapena Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti, munaonapo malole ataima m'mbali, boneti ili m'mwamba, nthunzi ikufuka. Qatar ilibe mapiri otero, dziko lonse ndi lathyathyathya. Chimene chimayesa injini kuno ndi dzuwa, katundu ndi mzere wa galimoto. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti masana kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri, ndipo mu Julayi 2010 ku Doha kunafika madigiri 50.4. Boma linachita kuika lamulo loletsa kugwira ntchito padzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuchokera pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala. Munthu lamulo likumuteteza, koma pikapu ilibe woiteteza kupatula mwini wake.

Taganizirani masamu ake. Redieta imaziziritsa madzi ndi mphepo yakunja. Madzi a mu injini akakhala pa madigiri 90 ndipo kunja kuli 25, monga tsiku labwino ku Lilongwe, kusiyana kwake ndi 65, redieta imagwira ntchito mosavutika. Kuno kunja kukakhala 45, kusiyanako kumatsika kufika 45 basi. Onjezerani kuti mphepoyo isanafike pa redieta imayamba yadutsa pa condenser ya eyakoni, imene ili kutsogolo kwake ndipo nayo ikutaya kutentha kwake. Onjezeraninso fumbi la mphepo ya shamal limene limatseka timipata ta zonse ziwiri. Ndiye kachilema kakang'ono kamene mu Januwale simukanakaona, mu Julayi kamaonekera pa singano.

Kwa ife a geni, kufa kwa pikapu kuli ndi mtengo woposa wa masipeya. Katundu amene munatolera kwa anzanu ku Al Wakra ndi ku Al Khor akaphonya tsiku lopakira kontena yopita ku Hamad Port, makasitomala a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene analipira kale theka sadzamva za hedi yopindika. Iwo amangodziwa kuti munalonjeza tsiku. Riyal inamangiriridwa ku dola pa 3.64, pamene kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama imene mungataye pa ovaholo ya injini kuno, mukaisintha kumudzi ndi fizi ya ana, feteleza ndi malata.

Funso loyamba: kodi singanoyo ikunena zoona?

Pa mapikapu akale monga Hilux, Nissan, L200 ndi Isuzu, geji ya kutentha imagwira ntchito mophweka. Pa injini pamakhala kasensa komangidwa pamalo pamene madzi amadutsa. Madzi akamatentha, kasensako kamalola magetsi ochulukirapo kudutsa, singano n'kumakwera. Pakati pa kasensa ndi singano pali waya, pulagi yake, ndi waya wa earth wolumikiza injini ku thupi la galimoto ndi ku batire. Chilichonse mwa zimenezi chikachita dzimbiri kapena kukhwepa, singano imasuntha injini ili bwinobwino.

Lamulo loyamba ndi ili: yang'anani liwiro la singano. Injini ndi chitsulo cholemera chokhala ndi malita angapo a madzi, singatenthe kapena kuzizira pa sekondi imodzi. Mphika wa nyemba sumazizira nthawi yomweyo mukauphula. Singano ikamakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, ikhulupirireni. Ikamadumpha ngati chiwala, kukwera n'kugwa m'kuphethira kwa diso, kawirikawiri vuto ndi la magetsi.

Yesani motere injini itatentha, galimoto itaima. Yatsani magetsi akutsogolo, yatsani eyakoni, lizani hutala. Singano ikasuntha nthawi yomweyo pamene mwayatsa chinthu, kayikirani waya wa earth. Onaninso geji ya mafuta. Ikamavina limodzi ndi ya kutentha, vuto lili kuseri kwa dashibodi kapena pa magetsi amene ziwirizi zimagawana, injini ilibe mlandu. Ikamadumpha mukaponda bampu, pulagi ya kasensa yakhwepa kapena waya wasupuka n'kumakhudza chitsulo. Kupala dzimbiri ndi kumanga bwino ndi ntchito ya theka la ola.

Kuti mutsimikize, pamafunika mboni yachiwiri. Kachipangizo koyezera kutentha kongoloza patali, kooneka ngati kamfuti, kamapezeka m'mashopu a zida ndipo mtengo wake sufika pa wa redieta yatsopano. Lozani pa chitsulo pamene paipi yapamwamba ya redieta imatulukira mu injini, pa nthawi imene singano yakwera ndi pa nthawi imene yatsika. Manambala akakhala ofanana, singano ikunama. Pikapu yanu ikakhala ndi pobayira OBD2 pansi pa chiwongolero, kachipangizo kake kamaonetsa pa foni kutentha kumene kompyuta ya injini ikuwerenga. Ine ndikuona kuti anthu anayi kapena asanu a dera limodzi atha kusonkherana n'kugula chimodzi, n'kumabwerekana.

Koma pali chenjezo limodzi, ndipo ndi lalikulu kuposa zonse zimene ndalemba pano. Madzi akachepa kapena mukalowa mpweya, kasensa kamakhala nthawi zina m'madzi, nthawi zina mu nthunzi, ndiye singano imadumphanso mofulumira ngati vuto la waya. Choopsa kwambiri ndi singano imene inakwera pafupi ndi H kenako n'kugwa yokha mwadzidzidzi mukuyenda. Ambiri amapuma n'kumati yadzikonza. Ayi ndithu. Nthawi zambiri ndiye kuti madzi atha, kasensa kauma, injini ikupsa mwakachetechete. N'chifukwa chake musanaimbe mlandu waya, yambani mwaona madzi.

Madzi muziona m'mawa, injini ili yozizira

Kabotolo ka pulasitiki ka m'mbali kamanamiza. Katha kukhala kodzadza pamene redieta ili ndi theka, makamaka chivindikiro chikafooka n'kulephera kukokanso madzi injini ikamazizira. Choncho m'mawa, musanalize injini, tsegulani chivindikiro cha redieta yeniyeniyo muone ngati madzi afika pakhosi. Akachepa, funso ndi lakuti apita kuti. Yang'anani pansi pamene munaimika, m'mphepete mwa redieta pamene pulasitiki imakumana ndi chitsulo, pa makalampu a mapaipi, ndi pansi pa pampu ya madzi. Kuno madzi odontha amauma msanga, koma amasiya chizindikiro choyera kapena chofiirira ngati mchere.

Ngati singano inayamba kuvina mutangosinthitsa paipi, redieta kapena madzi, n'kutheka kuti munatsala mpweya. Kuutulutsa sikufuna sipeya. Imikani galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, tsegulani chivindikiro injini ili yozizira, ikani hita pa kutentha ngati ilipo, lizani injini, muzionjezera madzi pang'onopang'ono mpaka thermostat itseguke ndipo thovu lisiye kutuluka.

Chivindikirocho musachipeputse. Kuno tili m'mphepete mwa nyanja, madzi wamba amawira pa madigiri 100. Chivindikiro chabwino, cholembedwa 0.9 kapena 1.1, chimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka pafupifupi madigiri 120, ndipo ndi coolant wosakanizidwa bwino amapitirira pamenepo. Rabala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amayamba kuwira msanga m'makona otentha a hedi, thovu n'kumadutsa pa kasensa, singano n'kumavina. Chivindikiro ndi chinthu chotchipa pa zonse, koma ambiri amafika pogula redieta asanachiyang'ane n'komwe. Gulani cha nambala yofanana ndi chimene galimoto inabwera nacho.

Imakwera nthawi yanji?

Madzi ali odzadza, chivindikiro chili bwino, mboni yachiwiri yatsimikiza kuti kutenthako n'koona. Tsopano khalani ngati wapolisi wofufuza. Nthawi imene singano imakwera ndi imene imaloza wolakwa.

Ikamakwera mutaima pa maloboti kapena mukukwawa mu mzere wa madzulo wa ku Industrial Area, n'kutsika msewu ukangotseguka, vuto ndi la mphepo. Mukamathamanga mphepo imalowa yokha, mukaima fani ndi imene imayenera kuikoka. Mapikapu ambiri akale ali ndi fani yoyendetsedwa ndi lamba, yokhala ndi kalachi ya mafuta pakati pake. Kalachiyo ikatha, fani imazungulira mwaulesi, maso n'kumaona ngati zonse zili bwino. Zimitsani injini, chotsani kiyi, kankhani faniyo ndi dzanja. Ikazungulira yokha kambirimbiri popanda kulimba, kapena mukaona mafuta akuda pakati pake, yatha. Yabwino imachita phokoso la mkuntho injini ikatentha. Onaninso ngati chipulasitiki chozungulira fani chilipo, chifukwa amakaniko ena akachichotsa sachibwezera, ndipo popanda icho fani imangokoka mphepo ya m'mbali. Pomaliza unikani ndi tochi pakati pa condenser ndi redieta. Pamenepo pamaunjikana fumbi, mapepala ndi nthenga, ndipo kutsuka ndi madzi opanda mphamvu kwambiri, kuchokera mbali ya injini kupita kunja, kumathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira.

Ikamakwera mukuthamanga ndi katundu, monga pa Salwa Road kulowera ku Abu Samra kapena pa msewu wa ku Dukhan, n'kutsika mukachepetsa liwiro, vuto ndi la kayendedwe ka madzi. Mwina timipaipi ta m'kati mwa redieta tatsekeka ndi dzimbiri. Kachipangizo koloza kaja kadzakuonetsani malo ozizira pakati pa malo otentha. Mwina paipi yapansi yafewa ndipo imaphwatalala injini ikathamanga. Mwina lamba akuterereka, kapena mapiko a pampu anadyeka. Apa m'pofunikanso kunena zoona za ife eni ake. Pikapu yopangidwira pafupifupi tani imodzi timaisenzetsa mafiriji, matailosi ndi makatoni mpaka masipuling'i kugona, eyakoni ili pamwamba, 1 koloko masana. Nthawi zina singano imangotiuza kuti tapitiriza muyeso.

Ikamakwera pang'onopang'ono kupitirira pakati, kenako n'kutsika, n'kukweranso, mobwerezabwereza pa liwiro limodzimodzi, apo ndiye thermostat yayamba kukakamira. Ndipo ikamagwera pafupi ndi C mukuthamanga usiku, n'kubwerera pakati mukaima, ndiye kuti thermostat inakakamira chotsegula, kapena amene anakugulitsani galimotoyo anaichotsa kale.

Mlandu wa thermostat

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi akuluakulu ambiri a m'gulu lino, ndipo ndikupempha mundimvere mpaka kumapeto. Mfundo yawo ndi yakuti thermostat anaipangira maiko ozizira, kuno imangotsekereza madzi. Amanenanso kuti anachotsa ndipo singano inatsika. Sindikutsutsa kuti inatsika. Ngati thermostat yakeyo inali yokakamira chotseka, kuichotsa kumatsitsadi singano, koma kuika yatsopano kukanachitanso chimodzimodzi popanda kuwononga china.

Ntchito ya thermostat ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira. Zambiri za mapikapu amenewa zimayamba kutseguka cha m'ma 82, nambala yake imalembedwa pa chitsulo chake, ndipo zikafika cha m'ma 95 zimakhala zitatseguka zonse. Masana a Julayi thermostat yabwino imakhala yotseguka kale, sikutsekereza kanthu. Ndiye injini ikamatenthabe, wolakwa ndi redieta, fani kapena pampu, ndipo kuchotsa thermostat sikukulitsa redieta. Chimene kumachita ndi kuchedwetsa singano m'mawa, munthu n'kumaganiza kuti wachira, matenda enieni akukula.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Pa injini zambiri thermostat ili ndi kambale kachiwiri kumunsi kwake. Ikatseguka kupita ku redieta, kambaleko kamatseka njira yachidule imene madzi amazungulira m'kati mwa injini ikakhala yozizira. Mukaichotsa, njira yachidule ija imakhala yotseguka nthawi zonse, madzi ena otentha amabwerera mu injini osadutsa ku redieta. Ndiye mwachotsa kuti izizire, koma pa katundu wolemera itha kutentha kuposa kale.

Komanso Doha sikutentha chaka chonse. M'mawa wa Januwale kumatsika mpaka madigiri 15 kapena kucheperapo. Injini yopanda thermostat imayenda yozizira ulendo wonse, imamwa mafuta ambiri, oyilo amada msanga, zitsulo za m'kati zimadyana. Zimenezi sizioneka tsiku limodzi, zimatuluka m'thumba pang'onopang'ono ngati thumba la chimanga lobooka.

Kuyesa thermostat n'kosavuta. Ikani mu poto wa madzi pa moto, muone ngati ikutseguka madzi asanawire ndi kutsekanso akazizira. Ikalephera, gulani ina ya nambala yomweyo. Poika, kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwedera kayang'ane m'mwamba kuti mpweya uzituluka. Kuichotsa n'kovomerezeka pokhapokha mwafera panjira ndipo mukufuna kungofika, mawa lake n'kuika ina.

Madzi a pampopi

Chizolowezi china chimene tinabwera nacho kuchokera kumudzi ndi kuthira madzi alionse amene ali pafupi. Ena amati coolant ndi antifreeze, nanga ku Qatar kumagwa chisanu choundanitsa madzi? Dzinalo ndi limene limasokoneza. Mu coolant muli mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo amakweza mlingo umene madzi amawirira. Madzi a pampopi a kuno, ochokera ku nyanja atachotsedwa mchere, ndi abwino pa ntchito zapakhomo, koma alibe choteteza chitsulo ndi aluminiyamu. A pa mjigo kumudzi ndiye amasiya miyala yoyera ngati ija timaona mu ketulo. Mukatsegula redieta n'kupeza madzi ofiirira ngati a m'dambo nthawi ya mvula, dziwani kuti dzimbiri limenelo likuchokera mu injini yanu ndipo likukatseka redieta.

Gulani wosakaniza kale, kapena sakanizani theka ndi theka ndi madzi osungunulidwa aja timathira mu batire, osati asidi wake. Musathire coolant wosasungunula yekhayekha poganiza kuti ndiye azizira kwambiri, chifukwa madzi ndi amene amanyamula kutentha bwino kuposa mankhwalawo. Musasakanizenso mitundu yosiyana. Mukafera panjira, madzi alionse oyera aposa kuyenda opanda kanthu, koma mukafika mukhutule n'kuika oyenera. Ndipo chonde, coolant ndi poizoni wotsekemera. Musamusunge mu botolo la madzi akumwa m'chipinda chimene mumagona anthu ambiri, kapena kumudzi pamene ana angafikire.

Zizindikiro zoti nkhani yakula

Pali nthawi imene singano yovina imatanthauza kuti gasiketi ya hedi yapsa kapena hedi yang'aluka. Utsi wa m'masilinda umalowa m'madzi, n'kupanga thovu limene limavinitsa singano. Mudzaona madzi akutha popanda podontha, thovu losatha pakhosi pa redieta, paipi yapamwamba kulimba ngati tayala patangopita mphindi zochepa chilizireni injini, kabotolo ka m'mbali kusefukira, utsi woyera ku ekizozi injini itatentha kale, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Ngakhale pamenepo musalole kuti atsegule injini mongoganizira. Pali mankhwala abuluu oyezera pakhosi pa redieta, amene amasintha mtundu ngati m'madzi muli utsi, ndiponso pali pampu yamanja yopanikizira madzi kuti podontha paoneke. Garaja imene ilibe ziwirizi isakhudze hedi yanu.

Singano ikafika pofiira muli panjira, zimitsani eyakoni, patukani pamalo abwino, yatsani mahazadi. Ngati palibe nthunzi kapena madzi otayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni ilire mphindi zochepa muone ngati itsike. Nthunzi ikamatuluka kapena singano ikakana kutsika, zimitsani. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, madzi ake amatuluka ngati mfuti ndipo amasupula nkhope ndi manja. Dikirani osachepera theka la ola, kuno nthawi zina kuposerapo, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha. Muzisunga madzi akumwa m'galimoto, chifukwa kudikira padzuwa la kuno kumagwetsa munthu. Zikavuta, nambala yangozi ndi 999. Mawu akuti "ndatsala pang'ono kufika" apsereza injini zambiri kuposa dzuwa. Kulipira galimoto yokoka n'kotchipa kuposa kupala hedi.

Polankhula ndi amakaniko

Ndikudziwa zimene ena anene: ife si amakaniko, tilibe nthawi, ntchito imeneyi ili ndi eni ake. Zoona, ndipo ku Industrial Area kuli amisiri odziwa ntchito kwambiri. Koma makaniko amaona galimoto yanu itaima pa garaja, mwina itazizira kale. Amene munaiona ikuvina ndinu. Mukangofika n'kunena kuti "harara", iye ali ndi galimoto zina khumi zikudikira, chilankhulo n'chosiyana, ayamba ndi zimene zimagulitsika msanga: lero redieta, sabata yamawa pampu, kenako kasensa. Mlandu wake si wa iye yekha. Munamupatsa funso lopanda mutu.

Jambulani singanoyo pa foni, koma ajambule amene mwakhala naye, inu manja pa chiwongolero. Lembani nthawi, liwiro, katundu amene munanyamula, ngati eyakoni inali yoyatsa, ndi madzi amene mwaonjezera sabata imeneyo. Muuzeni kuti muyamba mwalipira kuyeza, sipeya pambuyo. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, asinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo chakalecho akupatseni m'manja. Makaniko wabwino sakhumudwa ndi zimenezi, amasangalala kuti mwamufupikitsira ntchito. Safunsa anadya phula, akuluakulu anatero.

Inu amene mukufuna kugula pikapu yakale, musakhutire ndi pepala la Fahes ndi istimara yatsopano. Kupambana mayeso a pachaka sikutanthauza kuti galimotoyo inayesedwa ndi katundu masana a Ogasiti. Kaioneni m'mawa isanalizidwe, tsegulani redieta muone mtundu wa madzi, yendani nayo mpaka itenthe, kenako iimeni ikulira ndi eyakoni kwa mphindi khumi ndi zisanu. Singano yosafika pakati ngakhale mutayenda nthawi yaitali itha kukhala ikukuuzani kuti thermostat inakakamira chotsegula, kapena wina anaichotsa pofuna kubisa kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Galimoto yogawana

Mapikapu ambiri a m'gulu lino ali ndi eni ake awiri kapena atatu, kapena mwini wake ali pa ntchito ndipo amayendetsa ndi wina. Apa ndi pamene injini zimafera kwambiri. Woyendetsa Lolemba waona singano ikuvina, wangothira madzi osanena, poopa kuti amuuza kuti alipire. Wa Lachitatu wachitanso chimodzimodzi. Ikafera m'manja mwa wa Loweruka, ubale umathera pomwepo. Ikani kope m'galimoto, aliyense azilemba madzi amene wathira ndi zimene singano yachita. Gwirizanani kuti wonena msanga salipira yekha, ndalama ichoke m'thumba la onse, koma wobisa ndiye asenze. Pa ulendo uliwonse wolipidwa patulani kangachepe ka zokonzera, musanagawane phindu.

Zomwezinso muwauze achimwene ndi alamu amene akukuyendetserani galimoto kumudzi, amene amakatenga katundu ku Beira kudzera ku Tete ndi ku Mwanza, kapena ku Dar es Salaam kudzera ku Songwe. Kutentha kwa ku Tete mu Okutobala ndi Novembala sikusiyana kwenikweni ndi kwa kuno, ndipo akachoka kumeneko amakumana ndi zitunda. Pamalo okwera ngati ku Dedza, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja, madzi osapanikizidwa amawira cha m'ma 95, ndiye chivindikiro chofooka chimaonekera msanga kuposa kuno.

Pempho langa ndi lakuti mwezi wa Meyi usanathe, aliyense apatule Lachisanu limodzi. Tsegulani boneti m'mawa, onani madzi ndi mtundu wake, chivindikiro, mapaipi, lamba, fani ndi waya wa earth, tsukani fumbi pa redieta, ndipo ngati thermostat inachotsedwa, ibwezereni. Maulendo a katundu wolemera muziwaika m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Amene muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kapena ka OBD2, tiuzeni dera limene mukukhala kuti oyandikana nanu adziwe kobwereka. Ndipo akuluakulu amene mwayenda zaka zambiri opanda thermostat ndipo mukuona kuti ndalakwitsa, bwerani ndi mtundu wa injini yanu, katundu amene mumanyamula ndi mafuta amene imamwa pa mwezi, tiwerengere limodzi.